Mapiritsi a Mkuwa Ochokera ku Nathenje

Kwa amayi athu tinabadwa akazi awiri basi, ine wamkulu ndi mng'ono wanga amene ndimasiyana naye zaka zisanu ndi chimodzi. Ine ndinatsala pamudzi ku Mitundu. Amuna anga anabwera chikamwini, ndipo nyumba yathu inayang'anizana khomo ndi ya amayi. Mng'ono wanga anapita chitengwa ku Nathenje, kumene amuna ake ali ndi golosale m'mphepete mwa msewu waukulu. Kumudzi amabwera mwina kamodzi pa miyezi iwiri, pa njinga yamoto ya kabaza, atadzikulunga chitenje kumutu kuopa fumbi.

Chaka chimene amayi anayamba kudwaladwala, ntchito yonse inagwera ine. Ankadandaula kutopa, kupuma mwawefuwefu akangoyenda pang'ono, ndi dzanzi kumapazi. Ndine ndinawaperekeza kuchipatala katatu konse, kukhala nawo pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anawapeza ndi vuto la kuchepa magazi, n'kuwapatsa timapiritsi tofiira, n'kutilangiza za zakudya. Kuyambira pamenepo, tsiku la msika ndinkalawirira kwa opha mbuzi kuti ndipeze chiwindi chisanathe. Ndinkaphika nyemba, bonongwe wotendera, phala la soya. Ndinkawathowa mapazi ndi madzi ofunda. Amayi si munthu wophweka kudwazika. Phala likakhala lotentha ankati ndikufuna kuwawotcha, likazizira ankati ndawapatsa lotsala la ana.

Loweruka lina mng'ono wanga anafika ndi kabotolo kabulawuni ka chivundikiro chonyezimira. Anati wagula kusitolo ya mankhwala m'tauni atawerenga pafoni kuti thupi la munthu limafuna mkuwa kuti magazi azipangika bwino ndi kuti mitsempha izigwira ntchito. Ine ndinaseka. Ndinamufunsa ngati akunena mkuwa womwe uja wa zibangili ndi mawaya a magetsi. Iye anati eya, ndi womwewo, ena amati kopa, koma wa m'mapiritsiwo ndi wochepa zedi, wokonzedwa kuti munthu amwe.

Amayi sanafunse kanthu. Analandira kabotoloko ndi manja awiri, n'kukayang'ana mbali zonse ngakhale satha kuwerenga, kenako anati, "Mulungu akudalitse, mwana wanga. Iwe ndiye umandiganizira."

Ndinali chiimire pakhomo ndi beseni la zovala zawo zimene ndinali nditangochapa. Mawu amenewo sindinawamvepo pa chiwindi chonse chija.

Patapita masabata atatu amayi anayamba kupeza bwino. Anayenda okha mpaka kutchalitchi, anayambanso kusesa pabwalo pawo. Mumtima ndinkadziwa kuti timapiritsi ta kuchipatala tija ndi zakudya zinali zitagwira ntchito kwa miyezi iwiri, koma ulemu wonse unapita kwa kabotolo. Ankakamanga kunsonga kwa chitenje popita kumsonkhano wa amayi wa Lachinayi, n'kumakaonetsa anzawo mmodzimmodzi. Aliyense wobwera kudzawazonda ankamva nkhani imodzimodziyo, yakuti mwana wawo wa ku Nathenje wawadzutsa kwa akufa ndi mankhwala a mkuwa. Ine ankanditchula akafuna madzi akumwa.

Sindinauze munthu mmene zinkandipwetekera, ngakhale amuna anga. Nanga ukanena kuti chiyani, mayi wa ana asanu kudandaula kuti mayi ako sakukuyamikira? Ndinkangoona kuti ndikamawasinjira mtedza, munsi ndinkaugwetsa mwamphamvu kuposa kale.

Panalinso china. Mng'ono wanga ndi wosalala khungu, masaya owala, tsitsi lakuda bii. Ulendo wina tinapita limodzi kumsika wa ku Mitundu, ndipo mayi wina wogulitsa tomato anandifunsa ngati uyu ndi mwana wanga woyamba. Mng'ono wanga anaseka mpaka kugwira pamimba. Inenso ndinaseka, koma pofika kunyumba ndinatenga kagalasi n'kudziyang'ana nthawi yaitali. Ndinayamba kuganiza kuti chinsinsi chake ndi mapiritsi omwewo, kuti iye amamwa kalekale osandiuza, ndipo tsopano wagawirako amayi, ine n'kundidumpha.

Tsiku lina amayi atapita kukacheza kwa mlongo wawo, ndinalowa m'nyumba mwawo kukasesa monga mwa masiku onse. Kabotolo kanali pawindo. Ndinatsegula, n'kukhuthulira mapiritsi angapo m'manja, n'kuwakulunga m'kapepala. Amayi ankamwa limodzi patsiku. Ine ndinaganiza kuti popeza ndachedwa kuyamba, ndiyenera kuthamanga. Ndinayamba ndi awiri, kenako atatu m'mawa ndi atatu masana, nthawi zina m'mimba mulibe kanthu. Atatha ndinakatapanso ena.

Inali nyengo yosankha fodya. Tinkakhala m'chigafa kuyambira m'mawa, ine, amuna anga ndi amayi atatu oyandikana nawo nyumba amene timathandizana nawo. Cha tsiku lachisanu ndinayamba kumva m'kamwa ngati ndanyambita msomali. Ndinati mwina ndi fungo la fodya. M'mawa mwake m'mimba munayamba kupotokola, nseru osasiya, ndipo ndinathamangira kuseri kwa chigafa kukasanza. Ndinabwerera, n'kukhala pansi, n'kuthamangiranso. Amayi atatu aja anayang'anana. Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva kuti ndili ndi pakati, ine wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, mwana wanga woyamba ali pabanja. Amuna anga anandifunsa maso ali pansi ngati zimene akumva n'zoona. Ndinati ayi, koma sindinathe kuwauza chimene chinali choona.

Kutacha ananditenga panjinga kupita kuchipatala. Ndisananyamuke ndinalowa kwa amayi ngati ndikukawapatsa moni, n'kutenga kabotolo kaja n'kukabisa m'chikwama. Ndinkaopa kufa anthu osadziwa chondipha.

Dokotala anali mayi wachitsikana, wofatsa polankhula. Atandifunsa zimene ndadya ndi kumwa masiku amenewo, ndinapempha amuna anga kuti ayambe atuluka. Kenako ndinatulutsa kabotolo n'kuulula zonse. Iye anawerenga zolembedwapo, n'kundifunsa kawiri kuti ndinkamwa angati patsiku. Sanandikalipire. Anandiyang'ana m'maso ngati muli chikasu, n'kundisindikiza pamimba cha kumanja. Anandiuza kuti n'zoona thupi limafuna mkuwa: umathandiza kupanga magazi, kulimbitsa mafupa ndi kusamala mitsempha. Koma limafuna wochepetsetsa, ndipo anthu ambiri amaupeza wokwanira m'zakudya. Ukachuluka umavuta m'mimba monga zandichitikira inemu, ndipo munthu akapitiriza ungathe kuwononga chiwindi chake. Ndinamufunsa kuti zakudya zake ndi ziti. Anatchula nyemba, mtedza, soya, bowa, chiwindi cha mbuzi kapena cha ng'ombe.

Zonsezo ndi zimene ndinkaphikira amayi tsiku ndi tsiku.

Anandiuza kuti ndisiyiretu, ndizimwa madzi ambiri, ndipo ndidzabwerenso akandiyeze magazi. Anawonjezera kuti amayinso asamamwe mapiritsiwo popanda kuyezedwa kuti akuwafunadi, makamaka poti ndi achikulire ndipo akumwa kale mankhwala ena.

Pobwerera, ndili kumbuyo kwa njinga, kunena zoona ndinali wosangalala ngakhale m'mimba munkapwetekabe. Ndinkati tsopano amayi amva kuchokera kwa dokotala kuti anawachiritsa ndani. Ndinalowa m'nyumba mwawo n'kuwapeza akuvundukula mphasa ndi mabulangete, kufunafuna kabotolo. Ndinakatulutsa m'chikwama n'kuwafotokozera zimene dokotala wanena.

"Nanga dokotalayo botolo langa waliona bwanji?" anafunsa.

Panalibe pothawira. Ndinaulula kachiwiri tsiku limodzi. Amayi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Nsanje imeneyi unayamba uli mwana," anatero. "Mng'ono wako ali wakhanda unkamutsina ndikangotembenuka. Lero wafika pondibera mankhwala, ndiye ukufuna ndisiye kumwa?"

Anamwa piritsi limodzi pomwepo ine ndikuona, n'kumanga kabotolo kuchitenje.

Ndinakhala masiku awiri ndikulimbana ndi mtima, chifukwa kuimbira mng'ono wanga kunali kudzivula ndekha. Koma mawu a dokotala onena za chiwindi sanandichoke, ndipo amayi ndi amayi anga. Ndinamuimbira foni n'kumuuza zonse. Anabwera Loweruka la sabata yomweyo. Ndinkayembekeza kuti andinyoza, mwina zikanakhala bwinoko. M'malo mwake anakhala nane pakhonde, n'kundigwira dzanja, n'kumayesetsa kubisa kuseka. Ndinamufunsa kuti iye amamwa angati.

"Ine, achemwali? Sindinalawepo ngakhale limodzi. Ndinangogulira amayi basi."

Ndinamufunsa za khungu lakelo. Anati iye amakhala m'golosale tsiku lonse, dzuwa silimuona, khasu analisiya kalekale, ndiye ndimayembekeza chiyani? Anatinso akadadziwa kuti mapiritsiwo angavute munthu sakadagula, ndipo anapepesa. Kupepesako kunandiwawa kuposa kuseka, chifukwa ngakhale polakwa iye ankaoneka bwino.

Kenako analowa kwa amayi. Ine ndinatsalira pakhomo, ndipo ndinamva zonse. Anawauza mawu omwe aja ndinawauza ine, osawonjezera kanthu: kuti mkuwa umafunika wochepa, kuti uli kale m'nyemba ndi mu mtedza, kuti asiye kaye mpaka akayezedwe. Amayi anamasula kabotolo n'kumupatsa osatsutsa ngakhale pang'ono. Anati iye ndiye amadziwa zinthu zimenezi.

Sabata yotsatira tinapita kuchipatala awiri, ine ndi amayi. Magazi anga anapezeka kuti ali bwino, chiwindi sichinavulale. A amayi anali atakwera ndithu, ndipo dokotala anati mapiritsi a mkuwa sakufunika, angopitiriza kudya monga akudyeramo. Dzanzi la kumapazi lokha ndi limene silinathe, mpaka lero timapita nalo kuchipatala. Mphekesera ya pakati inatha yokha miyezi itadutsa, ngakhale alamu anga ena amandifunsabe mwachipongwe kuti mwana uja akukula bwanji.

Lachinayi lina ndinawaperekeza amayi kumsonkhano, poti mvula inali itagwa ndipo njira inali yoterera. Mapemphero atatha anapempha kuti alankhuleko. Anaima n'kuyamba kuphunzitsa amayi anzawo kuti asamataye nthawi ndi mabotolo, chifukwa mkuwa umene thupi limafuna uli m'nyemba, mu mtedza ndi m'chiwindi cha mbuzi. Anati anawauza ndi mwana wawo wa ku Nathenje, amene amawerenga zambiri. Amayi onse anavomera ndi mitu. Ine ndinali pabenchi ya kumbuyo kwawo, nditanyamula ambulera ndi nsapato zawo zosinthira.

Panjira sindinathe kudzigwira. Ndinati, "Amayi, nanga nyembazo amakuphikirani ndani?"

Anaima, n'kundiyang'ana modabwa ngati ndafunsa za chibwana. "Iweyo. Nanga angaphike ndani? Si ndiwe uli pompano?"

Kenako anandigwira pamkono n'kundiuza kuti ndichepetse liwiro, ndikuwakoka ngati mbuzi. Tinayenda pang'onopang'ono, kulambalala zithaphwi, mpaka kukafika kunyumba.