Chaka Chimene Adada Anabwera ndi Wisiki wa ku Joni

Mpaka lero, mphepo ya mwezi wa Juni ikangoyamba kulowa pansi pa chitseko, ndimaona nthunzi ikukwera kuchokera m'kapu yachitsulo yobenthuka pamlomo, ndipo kuseri kwa nthunziyo ndimaona nkhope ya adada, atatsinzina, akununkhiza. Ndinali mtsikana wa sitandade faifi, wamanyazi moti mlendo akandifunsa dzina ndinkayankha ndikuyang'ana zala zakumapazi. Kwathu ndi kumudzi wina wa kufupi ndi Champhira, kumene chisanu sichichita nthabwala. M'mawa chifunga chinkaphimba dambo lonse mpaka ng'ombe zinkangomveka kulira osaoneka, madzi a mumtsuko ankaluma mano, ndipo ife ana tinkapita kusukulu titatuwa mbuu, manja tabisa m'khwapa, ena atanyamula m'thumba kamwala kootcha pamoto. Amama ankakonda kunena kuti chisanu chimayambira nyumba yathu chisanapite kwa ena, poti denga lathu linali lisanafoleredwe bwino chichokereni adada.

Komabe inali nyengo yokoma. Chimanga chinali chitalowa m'nkhokwe, mtedza uli pabwalo kuuma, ndipo tikaweruka tinkakwirira mbatata m'phulusa n'kuthamangira kukasewera fulaye mpaka thukuta litatuluka ngati ndi mwezi wa Okutobala. Anyamata ankasaka mbewa m'mapesi. Malole a matabwa ochokera ku Chikangawa ankadutsa pamsewu waukulu akubuula, n'kutisiyira fungo la paini. Koma chaka chimenecho chinaposa zaka zonse, chifukwa adada anabwera kuchokera ku Joni atakhalako nthawi yaitali moti ine ndinkawadziwira pachithunzi. Galimoto inawatsitsa masana, katundu ali phwamwamwa: mabulangete onenepa a maluwa, wailesi, nsapato zanga zofiira zimene zinandikula koma ndinazivala tsiku lomwelo. Mchimwene wanga Wongani anazungulira mudzi wonse akulengeza. Adada anali owonda, jekete ikuwalendewera m'mapewa, koma amama anati ndi ulendo, ndipo ife tinavomereza.

Pansi pa chikwama, litakulungidwa m'juzi, panali botolo la zakumwa zofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Adada anati dzina lake ndi wisiki. Kwathu tinkadziwa mowa wamasese ndi kachasu basi, ndiye tinalizungulira botololo ngati mwana wobadwa kumene. Anatiuza kuti ku Joni ankagwira ntchito m'khitchini ya malo ena ogona alendo, kudera lozizira kuposa kwathu, ndipo kumeneko anthu akabwera akunjenjemera ankawapangira wisiki wotentha. Anati awaonetsa anthu a kwathu chinthu chimene sanachionepo. Pofuna wowathandiza anasankha ine, osati Wongani, chifukwa ankati manja anga sapupuluma. Chibadwire panalibe munthu amene anandisankhapo pa chilichonse.

Anandiphunzitsa mofatsa, ine ndikumvetsera ngati ndili m'kalasi. Madzi aziwira pamodzi ndi jinja wosinja, kenaka uphule ketulo, udikire asiye kubwata. Kapu uyambe waitsuka ndi madzi otentha kuti ifunde, chifukwa kapu yozizira imaba moto wa chakumwa. Uikemo supuni ya uchi, ufinyiremo ndimu koma njere zisagweremo, uthire madzi a jinja aja n'kutakasa mpaka uchi usungunuke, uponyemo kachikhungu ka ndimu kuti kanunkhiritse. Wisiki amalowa pomaliza penipeni, kachivindikiro ka botolo kamodzi, ndipo saphikidwa, chifukwa ukamuwiritsa mphamvu yake imathawa ndi nthunzi n'kutsala madzi otsekemera chabe. Mandimu ndinkakapempha kwa mayi wina wa kuseri kwa khola, amene mtengo wake unkathyoka ndi zipatso nthawi imeneyo. Uchi unachokera ku Chikangawa ndi msuweni wathu wa pa lole, wakuda bii, wonunkhira utsi. Jinja adada ankabwera naye kuchokera kumsika wa ku Mzimba Boma. Ife ana tinkapatsidwa chomwecho koma chopanda wisiki, ndipo pakhomo chinkatchedwa cha ana. Chinkalowa ngati moto wofatsa, kuyambira kukhosi mpaka m'zala.

Mbiri inawanda msanga. Amuna a m'mudzi ankabwera kudzawalonjera adada, koma aliyense maso ali kukhitchini. Ndinkatuluka ndi makapu pambale, n'kugwada, n'kupereka. Kwathu kuli mwambo woti wopereka mowa amayamba ndiye kulawa, kuti mlendo adziwe kuti mulibe choipa, choncho adada ankakweza kapu yawo, kumwa pang'ono, ndipo alendo ankatsatira. Wina ankatsokomola, wina ankaseka misozi ili mbwee, wina anavula chipewa n'kunena kuti makutu ake akumva kutentha koyamba chiyambireni mwezi. Onse ankati yewo chomene, ndipo ena ankandiyamikira ine ndemwe, ine n'kuthawira kukhitchini ndikumwetulira ndekha.

Panali chinthu chimodzi chimene alendowo sankachidziwa. M'kapu ya adada simunkalowa wisiki. Anandiuza okha tsiku lina kuseri kwa nkhokwe kuti akudwala chifuwa chachikulu, kuti maulendo awo a ku Boma anali okatenga mankhwala kuchipatala, ndipo adokotala anawaletsa mowa ngakhale dontho, poti ukakumana ndi mankhwalawo umawononga chiwindi. Ankaopa kuti anthu akamva ayamba kuwapatulira mbale ndi kunong'onezana za matenda ena. Anandipempha kuti zimenezi zikhale za ine, iwo ndi amama. M'mawa uliwonse ndinkawatungira madzi omwera mapiritsi, ndipo kukhitchini, kumene kunalibe wondiona, ndinkawapangira cha ana. Ndinkanyadira kwambiri kusunga chinsinsi cha munthu wamkulu.

Koma pa anthu onse amene ankabwera, mmodzi sanaponde pakhomo pathu. Anali adada aakulu, a Yotamu, mkulu wawo wa adada, amene nyumba yawo inali patsidya pa khola pomwepo. Agogo, amayi awo a awiriwa, anamwalira chaka chomwecho nthawi ya chimanga chachiwisi, ndipo adada sanabwere kumaliro, ngakhale uthenga sanatumize. Adada aakulu anasenza zonse okha. Tsono kwathu munthu amene sanaike nawo maliro sapita yekha kumanda. Wamkulu wa pabanja ndiye amamutengera n'kukamuonetsa pamene pagona malemu. Adada aakulu akapanda kutero, adada akanakhala ngati mlendo pamudzi pawo pomwe. M'mawa ndinkawapeza ataima pakhonde, atafunda bulangete, akuyang'ana kumsitu wa kumanda. Anatuma anthu kangapo kukapepesa, yankho osabwera. Ena ankathira mafuta pamoto ponena kuti adada abwerera dimba limene mkulu wawo ankalima iwo kulibe.

Loweruka lina m'mawa, chifunga chisanachoke, tinamva odi. Anali adada aakulu, atavala chikhoti chawo chachitali, ndodo ili m'manja. Anakana kulowa m'nyumba, anakhala pampando pabwalo. Adada anasangalala ngati mwana. Anandiuza kuti nditulutse mbaula, ketulo, uchi, mandimu ndi botolo lomwe, kuti akulu awo aone ndi maso luso la ku Joni. Ndinkafunitsitsa kuti kapu imeneyo ikhale yokoma kuposa zonse zimene ndinapangapo. Ndinafunditsa makapu awiri, ndinasankha ndimu lamadzi kwambiri, ndinatakasa mpaka uchi wonse utasungunuka. Kenaka ndinathira wisiki m'kapu ya adada aakulu yokha, ya adada n'kuisiya monga ndinkachitira masiku onse, n'kugwada, n'kupereka. Adada anakweza yawo n'kumwa. Adada aakulu anaigwira yawo ndi manja awiri, nthunzi ikuwakwera kumaso, koma sanamwe.

"Walawa chiyani iwe?" anafunsa motsitsa mawu, akuyang'ana mng'ono wawo. "Ine ndaona ndi maso angawa. Za m'botolo zalowa mwanga mokha. Kapena ndi mmene mumachitira ku Joni, mlendo amwe zina, mwini nyumba zina?"

Adada anati, "Akulu, imwani, mulibe kanthu."

"Ngati mulibe kanthu, tisinthane."

Amama, amene ankasenda mtedza pakhonde, anasiya. Ndinaona dzanja la adada likutambasuka, ndipo ndinadziwa kuti amwa, kuti asankha kudzivulaza kusiyana n'kuti mkulu wawo anyamuke akuganiza kuti amafuna kumupha. Ndikanali chogwada. Sindinalankhulepo pamaso pa akuluakulu ndisanafunsidwe, ndipo mawu anga anatuluka aang'ono ngati a mwanapiye.

"Adada aakulu, chonde musawapatse. Akumwa mankhwala a chifuwa chachikulu. Madzi omwera ndimawatungira ndine."

Adada anabweza dzanja n'kuweramitsa mutu. Kenaka zonse zinatuluka. Anafotokoza kuti nthawi imene agogo ankamwalira iwo anali gone m'chipatala ku Joni, osatha ngakhale kudzuka, ndipo uthenga wa maliro unawapeza mochedwa. Atachira pang'ono anachita manyazi kunena kuti munthu amene anapita kukasaka chuma wabwerako ndi chifuwa, ndiye anangokhala chete, ndipo kukhala cheteko kunakula mpaka kunasowa poyambira. Adada aakulu anamvetsera osaphethira. Anawayang'ana m'mapewa, m'khosi, m'manja, ngati akuwaona koyamba.

"Ndiye iwe unaona kuti bola ndizikutenga ngati munthu wosalira mayi ake, kusiyana n'kuti ndidziwe kuti ukutsokomola?" anatero. "Uchitsiru umenewu unapita nawo ku Joni. Ine ndimayesa ukausiya komweko."

Atatero anakweza kapu ija, imene panalibe amene anailawa, n'kumwa yonse osapumira. Anatsinzina, anapukusa mutu, n'kunena kuti ndi zotsekemera ngati za ana a sukulu koma zikudziwa njira ya kumsana. Wongani, amene ankasuzumira kuseri kwa nkhokwe, anaphulika ndi kuseka, amama nawo anaseka akupukuta maso ndi chitenje. Kenaka adada aakulu anatembenukira kwa ine. "Mama, panga ina, yotentha kwambiri, ndipo za m'botolozo usaumire. Agogo ako ankadana nacho chisanu."

Ndinakoleza mbaula mpaka makala anafiira. Kapu imeneyo ndinaipanga mosamala kuposa ina iliyonse, ndipo ndinaivundikira ndi kambale kuti isazizire m'njira. Adada aakulu anainyamula okha, ndodo atampatsa mng'ono wawo kuti ayendere. Ana sitipita kumanda, choncho ine ndi Wongani tinaima pakhola n'kumawayang'ana akutsetsereka, wamkulu patsogolo, wamng'ono pambuyo, kanthunzi kakutuluka m'mbali mwa kambale, mpaka chifunga chinawameza. Anabwerako dzuwa litakwera, kapu ili yopanda kanthu, maso a onse awiri ali ofiira, akukangana za udzu wofolerera denga lathu.

Adada sanandikalipire. Mawa lake, ndikuwapatsa madzi omwera mapiritsi, anangoti manja anga sapupuluma koma pakamwa panga pamadziwa nthawi yake, n'kundisisita kumutu. Kuyambira pamenepo adada aakulu ndiwo ankawaperekeza ku Boma, ndipo aliyense wofuna kunong'ona ankayamba waganizira za ndodo ija. Masana ambiri a nyengo imeneyo awiriwa ankakhala pabwalo, aliyense ndi kapu yake ya cha ana, poti adada aakulu anati sangamwe zimene mng'ono wawo sakumwa. Botolo lija linatsala ndi theka, linakhala pamwamba pa kabati mpaka adada atamaliza mankhwala, mvula itagwa kale ndipo kulibenso wofuna zotentha.

Tsopano ndimakhala ku Mzimba Boma, ndili ndi banja langa. Adada ndi adada aakulu onse awiri anatsikira kumsitu wa kumanda kuja, ndipo akugona moyandikana. Masiku ano anthu amamwa aliyense botolo lake lotsekedwa kufakitale, palibenso amene amalawira mnzake, mwina n'chifukwa chake achinyamata amandidabwa. Juni akafika ndimagula mandimu, jinja ndi uchi wa ku Chikangawa, ndipo alendo a amuna anga akabwera akunjenjemera sindipangira kukhitchini. Ndimatulutsa zonse poyera, ndimafunditsa makapu iwo akuona, wisiki ndimathira pomaliza. Ndikamapereka ndimayamba ndalawa m'kapu ya mlendo yomweyo, ndipo ngati pali amene sakumwa, ndimamupangira cha ana n'kumufunsa mwakachetechete ngati ali bwino.