Mlaliki Woulutsa Mpira

Mdzukulu wanga akatsegula wailesi kuti amvere mpira, ine ndimatuluka panja.

Abambo anali mlaliki ku Chipoka, masiku aja wailesi ili imodzi dziko lonse. Asodzi ankazemba tchalitchi, koma mpira ankaumvera mpaka mabatire kutha. Ndiye abambo anayamba kulalikira ngati woulutsa mpira: "Petro wautenga, akuthamanga nawo, mtsikana wantchito wamutchingira, Petro wagwa!" Mabenchi ankadzaza, fungo la usipa lili guu, anthu akuseka mpaka misozi. Ine ndinkayesa akuwaseka ngati wamisala.

Lamulungu lina tikutuluka, mwana wa aphunzitsi atsopano, wovala nsapato, anandifunsa, "A zisudzo aja ndi bambo ako?"

"Ayi, tangoyandikana nyumba."

Abambo anali kumbuyo kwanga, Baibulo lili m'khwapa. Sanandikalipire. Kuyambira pamenepo ankangowerenga ndime motsitsa mawu, ndipo pofika dzinja asodzi anali atabwerera kumaukonde awo.

Petro anali ndi tambala womukumbutsa. Ine ndinadzazindikira chimene ndinachita abambo tawaika kale m'manda.