Adzukulu a Malume Binwell

Ndinadzuka kusanache, alamu isanalire. Ndinagona pakapeti pabalaza m'nyumba ya malume anga a Binwell ku Foleshill, kuno kwa Azungu, pakati pa amayi a kutchalitchi, mutu nditatsamira chikwama. Nyimbo tinazisiya molawirira dzulo lake chifukwa nyumba za kuno n'zogundana makoma, ndipo a khomo linalo ali ndi khanda. Bokosi silinagone m'nyumba. Kuno thupi limagona kwa osunga maliro, inu mumalira mukuyang'ana chithunzi.

Malume anali nesi kuchipatala cha Walsgrave zaka zambiri. Ndi iwo amene anandilandira nditabwera kudzagwira ntchito yosamalira okalamba ku Stoke. Asanamwalire ananena okha kuti aikidwe konkuno, pafupi ndi kumene akazi awo ndi ana amakhala. Amayi anga ku Dedza, omwe ndi mlongo wawo, anakana chakudya masiku awiri atamva zimenezo. Kenaka anavomera, koma anandisiyira mawu pafoni. Anali ataonapo pavidiyo maliro ena a kuno, anthu akubalalika dzenje lili yasa, kakatapila kakubwera kudzakankhiramo dothi.

"Mlongo wanga asakwiriridwe ngati paipi ya madzi," anatero amayi. "Akwiriridwe ndi manja a anthu. Iwe ndiwe maso anga kumeneko."

Ndinalonjeza. Tinapempha oyang'anira manda kuti tidzakwirire tokha, iwo anavomera m'kalata, ine n'kumati nkhani yatha.

Kuseri kwa nyumba azibambo anali atakhoma katenti. Tinayatsa mbaula ziwiri za gasi, wina kutsuka mpunga, wina kuduladula nkhuku, zala zitachita dzanzi ndi chisanu. Kunkawaza kamvula kaja ka kuno, kosanyowetsa msanga koma kosatha. Pofika seveni anthu anayamba kufika. Ena anachokera kuntchito ya naiti, chitenje atamanga pamwamba pa yunifolomu. A ku Zambia a kutchalitchi anabwera ndi mabuku awo a nyimbo, anzanga a ku Stoke atathinana m'galimoto imodzi. Nsapato zinadzaza pakhomo mpaka pamasitepe. Ana ankafunsidwa m'Chichewa n'kumayankha m'Chizungu.

Cha m'ma naini panja panaima chivani choyera, chakutha, ndi magalimoto angapo pambuyo pake. Anali anthu a mpira wa malume. Mpira wake amati sofitibo: wina aponya, wina amenya ndi chibonga n'kuthamanga kuzungulira bwalo. Malume anausewera mu ligi ya m'dera mpaka bondo linawakana. Kuchokera pamenepo anasanduka wosamalira bwalo m'paki ina ku Birmingham, kusalaza dothi, kujambula mizere ndi laimu, kutola zinyalala, zonsezo mongodzipereka. Kunena zoona ine zinkandinyansa. Munthu wamkulu, wa imvi, kuweruka ku shifiti n'kukathira laimu pa udzu kuti anthu ena azithamanga! Ndinkawauza pamaso, iwo ankangoseka.

Anthuwo analipo ngati makumi awiri, ambiri achikulire. Panali mayi wachizungu wokalamba amene wakhala akulemba zigoli chiyambire ligiyo, bambo wa ku Jamaica woyenda motsimphina, ndi bambo wanduwira, mwini vani. Onse anali atavala majuzi obiriwira a timu, osuluka, pamwamba pa malaya. Ine mtima unandiwira. Koma abale, majuzi a mpira pamaliro? Ndinakadandaula kwa anti, akazi a malume. Anandiyankha osadzutsa mutu kuti ndi iwo eni anawapempha kuti avale choncho. Koma kutchalitchi wolozera anthu pokhala ndinali ine, ndipo ndinawakhazika kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko.

Mwambo unatalika monga mwa nthawi zonse. Analankhula a kuntchito, a kumpingo, a kubanja. A mpira sanapatsidwe mpata ndipo sanaupemphe. Potuluka tinawapeza ataima mizere iwiri pakhomo, zibonga atazikweza m'mwamba, bokosi n'kudutsa pansi pake. Amayi ena anang'ung'udza. Anti anadzutsa mutu koyamba tsikulo n'kuwayang'ana mmodzimmodzi.

Ulendo wa kumanda unali wapang'onopang'ono. Woyendetsa basi wina anaima kuti tonse tidutse. Mkulu wina amene anali ndi galu wake m'mbali mwa msewu anavula chipewa.

Kumanda bokosi linatsitsidwa ndi malamba. Abusa anapemphera, achibale tinaponya dothi. Kenaka anavundukula chinsalu chobiriwira chimene chinaphimba mulu wa dothi, dothi lofiira, lonyowa, lomata. A tcheyamani a mpingo anati, "Azibambo, tiyeni." Azibambo anavula majekete n'kupinda manja a malaya. Atatero anangoima, uyu kuyang'ana uyo.

Panalibe fosholo ngakhale imodzi.

Kwathu palibe amene amafunsa kuti makasu abwera ndi ndani. Adzukulu amalawirira okha ndi zida zawo, inu anamfedwa ntchito yanu ndi kulira. Tonsefe tinabwera ndi mutu wa kwathu umenewo. Bambo woyang'anira manda anafotokoza mwaulemu kuti zida zinayenera kukhala zathu, zinalembedwa m'kalata muja, ndipo madzulo omwewo kunali maliro ena pafupi pomwepo. Tikalephera, makina akwirira. Kakatapila kachikasu kanali kataima kuseri kwa mpanda wa maluwa, woyendetsa ali momwemo. Kalatayo amene anaiwerenga ndinali ine. Ndinaona mawu oti avomera basi, enawo ndinangowadutsa.

Ndinachita mantha, ndinachitanso manyazi. Ndinaganiza za amayi akudikira foni yanga ku Dedza, ndipo ndinadziwa kuti kuwanamiza sindingathe. Bambo wina anagwada n'kuyamba kukankha dothi ndi manja, koma linali lolemera, linkangomata m'zala.

Bambo wanduwira uja anachokapo. Posakhalitsa tinamva vani ikubwerera chafutambuyo m'kanjira ka kumanda. Anatsegula zitseko zakumbuyo. Munali mafosholo, mareki ndi wilibala, zida za kubwalo zimene zimagona momwemo chaka chonse. Zogwirira zake zinali zokulungidwa tepi yabuluu. Ndinaizindikira nthawi yomweyo. Malume ankakulunga tepi imeneyo pachilichonse, ngakhale pachogwirira cha ketulo kunyumba.

Azibambo athu anatambasula manja kuti alandire. Koma bambo wa ku Jamaica anapita kaye kwa anti, anawerama, n'kupempha ngati iwo angaloledwe kugwirako. Anti asanayankhe, mkulu wina wa ku Ntcheu, amene wakhala kuno kuposa tonsefe, analankhula m'Chichewa.

"Asiyeni. Munthu sakwirira m'bale wake. Adzukulu ndi amenewa."

Anthu a mpira aja anayamba ntchito. Sankalankhulana, aliyense ankadziwa pake. Awiri kudzaza wilibala, wina kukankha, ena kuthira ndi mafosholo m'mbali. Wotopa ankapereka fosholo kwa mnzake osatembenuka. Pambuyo pake azibambo athu analowererapo, masuti n'kufiira ndi matope. Ife amayi tinayamba nyimbo, mokweza tsopano, poti kumanda kulibe wa khomo linalo. Dzenje litadzaza, mayi wolemba zigoli uja anatenga reki n'kusalaza mtumbira bwinobwino. Bambo wa ku Jamaica anatulutsa chingwe m'thumba, anachikoka m'mbali zonse zinayi, ena n'kumawongola potsata chingwecho, monga malume ankachitira kubwalo. Tikuyala nkhata, kakatapila kanalira n'kulowera kwina.

Kunyumba ndinatenga beseni ndi jagi ya madzi ofunda. Mbale zoyamba zinali zitakonzedwera abusa, koma ndinazidutsitsa. Kwathu adzukulu ndiwo amayamba kudya. Ndinagwada pamaso pa anthu a majuzi aja n'kuyamba kuwasambitsa m'manja mmodzimmodzi. Anasokonezeka. Mayi wokalamba uja anayesa kundidzutsa, ine ndinakana. Madzi a m'beseni anafiira, ndinakataya n'kutunga ena. Anadya ali chiimire pansi pa katenti, mvula ikudontha m'mbali, ndipo abusa anadikira osadandaula.

Pofika madzulo anthu anali atapita. A naiti anathamangira ku shifiti, a ku Stoke ananyamuka kusanade. Anti anakagona, ana anakwera m'chipinda chawo. Pakhomo panatsala nsapato za m'nyumba mokha ndi matope ofiira pakapeti. Ndinakhala pathebulo la kukhitchini n'kuimbira amayi.

"Anakwirira ndani?" anafunsa, moni osapereka.

"Adzukulu, amayi."

"Kumeneko kuli adzukulu?"

"Aliko. Anabwera ndi mafosholo awo."

Amayi anafunsanso:

"Munawapatsa chakudya?"

"Anayamba ndi iwo."

Pamenepo amayi anayamba kulira mlongo wawo, kulira kwa kwathu, kokweza, kotchula dzina. M'nyumba monse munali zii. Ndinakweza mawu a foni n'kuiika pathebulo, pafupi ndi ketulo ya tepi yabuluu, kuti alire m'nyumba ya mlongo wawo.