Nkhuku ya Amakaniki

Nyengo ya mphepo ikafika, fumbi limalowa m'nyumba ya amakaniki kudzera pansi pa chitseko. Amakhala okha kuseri kwa galaja. Chilekanireni ndi akazi awo, ana awo awiri aakazi amabwera Loweruka lokha, ndipo wachisamba anali atanena kale: "Ababa, tikadzadyanso buledi ndi tiyi, ine sindidzabweranso."

Mawuwo anawakhala pamtima sabata yonse. Loweruka anatseka galaja dzuwa lili pamutu, nakagula nkhuku ya m'sitolo, yozizira ngati mwala wa kumtsinje. Anakhula manja ndi sopo mpaka kuwawa, koma oyilo sanachoke m'zikhadabo.

Nkhuku imene iwo ankaidziwa ndi imene anakula akudya, tambala wokalamba wopalasa kudzala, wosafewa msanga. Sanadziwe kuti ya m'sitolo ndi yanthete. Anaiduladula, nathira madzi odzaza poto, nasonkhezera makala. Madzi akaphwa ankawonjezera ena.

"Ababa, yapsatu imeneyo," anatero mzime, akununkhiza, atangofika ndi mkulu wake.

"Khala pansi, iwe. Nkhuku sithamangiridwa."

Dzuwa litapendeka anavundukula. Munalibe ntchafu, munalibe phiko. Mafupa anali mbee pansi pa poto, mnofu utasanduka ulusi woyandama. Anavundula ndi supuni kufunafuna chiwalo chimodzi chokha choti aike pa mbale ya mwana. Ayi ndithu. Mpunga nawo unali utapserera poiwalidwa.

"Nkhuku yanji yopanda msana!" anakalipa, naponya supuni m'beseni. "Injini ndimaimasula n'kuimanganso. Nanga ichi ndichimange bwanji?"

"Katengeni sipanala kugalaja," anatero wachisamba, osaseka n'komwe.

Anakhala pansi onse atatu. Mzime anamwa msuzi, nati ukukoma ngati phala la mwana. Amakaniki sanadye, maso anali pa mbale ya wachisamba. Mtsikanayo anatola kafupa, nakayang'ana, nakaika pambali. Anadya pang'ono, kenaka anakatsuka mbale yake.

Potuluka, mphepo ikuzunguza masamba ouma pakhomo, wachisamba anaima.

"Loweruka musayatse moto ndisanafike. Ndidzaphika ndine."

Amakaniki anangogwedeza mutu. Mwana adzabweradi, koma iwo ankafuna kuti azibwera kudzadya za m'manja mwa bambo ake. Anatsala akupala mpunga wopserera uja, supuni ikulira pansi pa poto mpaka kupindika.