Chitenje cha Nkhope

Ndinadziwira kwa mayi oyandikana nafe khomo m'malaini a esiteti. Anayanula chitenje chawo cha chipani chikadali chonyowa, chikudontha, n'kuthamangira nacho m'nyumba.

"Mayi, kukubwera mvula kodi?" ndinawafunsa.

"Simumvera wailesi inu? Akuluakulu a chipani aja adana. Nkhope mwaberekerayo yatha ntchito."

Ndinayang'ana chitenje chimene ndinaberekera khanda langa. Changa chinali chomwecho, chimene akapitawo anatigawira tikukavina kumsonkhano ku Boma, ndipo chinali chokhacho cholimba choberekera khanda pothyola tiyi. Ine za zipani sindinkazitsata. Titavota anati mantha atha, koma chaka ndi chaka ankatisinthira womuombera m'manja. Otukwanana dzulo, lero akwera galimoto imodzi, ife tikungotopa.

Masana omwewo pa sikelo panaima anyamata awiri achilendo, osayang'ana tiyi, maso ali pamisana yathu. Mmodzi anagwira kaphazi ka mwana wanga.

"Mwana wokongola, mayi. Koma mwamuberekera pa munthu wolakwika."

Ndinaseka nawo.

Nditafika kunyumba ndinamasula katani ya pakhomo n'kuberekera khandalo. Mwana wanga wamkulu, wa zaka zinayi, ankakonda kuimba nyimbo za kumsonkhano. Ndinamuopseza kuti akadzaimbanso lilime lidzatupa, mpaka analira. Chitenje chija sindinachiwotche ayi. Ndinachikulunga m'jumbo n'kuchikwirira pansi pa nthochi kuseri kwa nyumba, poti anthu aja akhoza kugwirizananso mawa n'kudzatifunsa kuti chili kuti.