Mlamu Wanga Anadzipereka Kukhala Mchira

Mlamu wanga, mwamuna wa mng'ono wanga, ndi telala. Kufakitale yosoka mayunifolomu kumene tinkagwira ntchito tonse, iye kosokera ine kosita, ankamutchula kuti a Palibekanthu, chifukwa mawu amenewa sankachoka pakamwa pake. Wina amuthere ulusi, palibe kanthu. Wina amutengere mpando wabwino n'kumusiyira wogwedera mwendo, palibe kanthu. Ngakhale mutamuponda chala ndi nsapato ya gogoda, wopepesa akhala iyeyo, kuti anaika phazi panjira. Anthu amati n'kufatsa. Ine ndimati ndi matenda, ndipo ndimamuuza pamaso.

Kusoka anaphunzira pakhonde la sitolo, kwa amalume ake. Analowa kufakitale asanakwatire, n'kukhala pamakina amodzimodzi a pafupi ndi zenera mpaka imvi kuyamba kutuluka. Ntchito yake inali mazipi ndi matumba a mathalauza. Sankajomba, sankadwala, ndipo tchuthi ankapita mochita kuthamangitsidwa. Ntchito imeneyi ndi imene inkagwiriza nyumba yonse, makamaka mng'ono wangayo. Mng'ono wangayu ali ndi matenda a shuga, ndipo mankhwala ankalandira ndi khadi lakuchipatala limene kampani imapereka kwa wantchito ndi banja lake. Khadi limenelo ankalisunga m'kachikwama kapulasitiki, pamodzi ndi setifiketi ya ukwati.

Kale za ogwira ntchito ankaona ndi kalaliki wina wokalamba, amene ntchito yake yaikulu inali kuiwala masiku athu a tchuthi. Atapuma, eni kampani anabweretsa mayi wina wa masukulu ambiri. Anamumangira ofesi yagalasi pamwamba, moti akaima ankationa tonse mitu. Iye kumeneko mphepo ya fani, ife pansipa thukuta kamukamu pakati pa nthunzi ya masimbi. Tsiku loyamba anatisonkhanitsa n'kunena kuti, "Kuno kulibe bwana, kulibe wantchito. Tonse ndife banja limodzi." Lisanalowe dzuwa, dzina lake linali Mayi Banjalimodzi.

Anayamba ndi zosangalatsa ana. Zithunzi za anthu osekerera m'makoma, matisheti ovala Lachisanu, kuomberana m'manja wina akakwanitsa chaka chobadwa. Mpopi wakuchimbudzi unali wosweka nthawi yonseyo, koma m'manja tinkaomba ndithu. Kenako anatulutsa chimene anabwerera, chimene ankachitcha mutu ndi mchira. Pakatha miyezi itatu, kapitawo wa gawo lililonse ankayenera kupereka mayina awiri: wogwira bwino kuposa onse, ndi wotsalira kumbuyo kwa onse. Wokhala mchira kawiri m'chaka chimodzi, ntchito yatha.

Bambo wina wodula nsalu anakweza mkono. "Nanga mayi, tonse tikagwira bwino?"

"Bambo anga," anayankha Mayi Banjalimodzi akumwetulira, "ngakhale ana a mayi mmodzi, womaliza amakhalapo."

Ena anaseka. Pamsonkhano sipalephera zitsiru zoseka nthabwala ya bwana.

Kwathu kosita tinayamba kudyana. Amayi amene tinkabwerekana zipeso tinayamba kubisirana mahang'ala. Malaya opserera ankapezeka pamulu wa munthu amene sanawagwire n'komwe. Wobwera kumene palibe ankamuphunzitsa, chifukwa ukamuphunzitsa ndiye kuti mchira ukhala ndani? Zovala zobwezedwa zinachuluka, ndipo Mayi Banjalimodzi anawonjezera zithunzi m'makoma.

Akosokera anadziyesa ochenjera. Anagwirizana kuti umchira azilandirana, lero uyu, ulendo wina uyo, kuti pasapezeke wougwira kawiri m'chaka. Kapitawo wawo anavomera msangamsanga. Anali munthu wamantha, woopa a pamwamba ndi a pansi omwe, ndipo anasangalala kuti dzina azimusankhira ena. Funso linatsala lakuti ayambe ndani. Onse maso pansi, aliyense kuthyola kaulusi pa malaya ake. Simufunika kuuzidwa amene anayankhula.

Dzina la mlamu linakwera pabolodi la pakhomo, m'zilembo zofiira, pansi pa chithunzi cha mutu. Mutu ulendo umenewo anali mkulu wina wosoka makolala, amene makolala ake mlamu yemweyo ankachita kuwasomola n'kuwasokanso nthawi ya nkhomaliro. Mchira ankauitana kuofesi yagalasi kuti ukalandire uphungu. Mlamu anakwera masitepe atapisira malaya, n'kutsika nkhope ili ngwee.

"Akuuzani chiyani, alamu?" ndinamufunsa.

"Aa, ndi munthu wabwino uja, alamu. Wandifunsa maloto anga. Tiyi wandipatsa m'kapu ya sosala."

"Ndiye mwauza kuti maloto anu ndi ati?"

"Ndati ndikufuna ndizisoka."

Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Munthu wamkulu, ana ali kusekondale, kunyengeka ndi sosala.

Ulendo wotsatira umchira anaugwira wina, zinthu n'kuyenda monga anapanganira. Vuto linadza ulendo wachitatu. Unagwera mayi wina wa mabatani, amene anali adakali pa miyezi yoyeserera. Wapamayeso akakhala mchira ankachoka pomwepo, osadikira kachiwiri. Mayiyo analira pamaso pa onse, ndipo misozi inali yoona, sindikana. Koma kosokera kunali anthu odzaza chipinda amene anali asanaugwirepo mchirawo. Aliyense anatulutsa chifukwa chake. Uyu akuyembekeza kukwezedwa. Uyu mkazi wake akamva amuseka. Wamakolala uja anati sizingaoneke bwino kuti munthu amene anali mutu atsike msanga choncho.

Ndiye wina anati, "Koma a Palibekanthu ndi okhawo amene a pamwamba sangawachotse. Fakitale ino ingayende popanda iwowa?"

Kapitawo anagwedeza mutu. "Zoona. Ndikakwera ndekha kukafotokoza. Dzina lanu, achimwene, ndi lotchinga chabe. Onse amakudziwani."

Nkhani inandipeza ndili ndi simbi m'manja. Ndinaisiya pomwepo n'kupita kosokera. "Alamu, mwapenga? Kawiri ndi kawiri. Mukudziwa chimene chili m'kachikwama ka mkazi wanu?"

"Musadandaule, alamu. A kapitawo alonjeza. Mayi uja nayenso ali ndi ana."

"Chifundo chinapha nkhwali."

Anaseka, ngati ndanena zoseketsa, n'kuponda makina.

Kapitawo kumwambako anakweradi, ndinamuona ndi maso angawa kudzera pagalasi. Analowa atagwira chipewa pachifuwa, anawerama, anapereka mayina, anaweramanso, n'kutuluka chafutambuyo. Pakamwa pake sipanatseguke kupitirira moni. Kufotokoza akanafotokoza bwanji? Akanati umchira amalandirana, woyamba kunyamula chikwama akanakhala iyeyo.

Mlamu anaitanidwa Lachisanu, atavala tisheti ya banja limodzi. Tiyi wa sosala analandiranso. Mayi Banjalimodzi anamuuza kuti mtima ukumupweteka kwambiri, koma ndondomeko siyang'ana nkhope, ndipo ubwino wake ndi umenewo. Anati asatenge ngati kuchotsedwa, koma ngati mwayi wokaona zina. Kenako anatambasula dzanja kupempha khadi lakuchipatala. Mlamu anapepesa kuti lili kunyumba, n'kulonjeza kuti alibweretsa Lolemba m'mamawa. Anabweretsadi, wapansi, nthawi yolowera ntchito isanakwane.

Madzulo a Lachisanulo anatisonkhanitsa kuti titsanzikane naye. Panali keke. Mayi Banjalimodzi anati banja silitha, ndipo tinaomba m'manja. Mayi wa mabatani anadya keke maso ali kumbali. Wamakolala anali atasamutsira kale mpando wake pamakina a pazenera, mwiniwake asanatuluke pageti. Ndinaluma keke yangayo n'kukalavula kuseri. Sindinayambe ndanyansidwapo ndi anthu ngati tsiku limenelo, ndipo anandinyansa onse, wochotsa, ochotsetsa ndi wochotsedwa yemwe.

Posakhalitsa mathalauza anayamba kubwerera kuchokera kwa ogula, mazipi okhota, matumba obooka. Wina angaganize kuti a pamwamba anachita manyazi. Manyazi amafuna munthu wodziwa kuti walakwa. Mayi Banjalimodzi anangobwera ndi nzeru ina: ntchito zina azigwira anthu osokera kunyumba, olipidwa pa chimene asoka, opanda tchuthi, opanda penshoni, opanda khadi. Eni kampani anamuyamikira kuti wapulumutsa ndalama. Galimoto inayamba kutula matumba a nsalu pakhomo pa mlamu wanga.

Anatulutsa makina akale a amalume ake n'kuwaika pabalaza. Nsalu pamipando, nsalu patebulo, ulusi mpaka m'mbale. Magetsi ake, singano zake, msana wake, ntchito yomwe ija. Mankhwala a mng'ono wanga tsopano ankagula kufamase, ndipo ankagulika malinga ngati galimoto yabwera. Koma mukanamumva akucheza ndi anansi! "Kampani yathu yandikhulupirira, yati ndizigwirira pakhomo." Anthu akumudyera masuku pamutu, iye n'kumaweramitsa mutuwo kuti asavutike kufikira.

Tsiku lina Lamulungu masana ndili kwawoko, tinamva odi. Anali kapitawo, chipewa pachifuwa monga mwa masiku onse. Mng'ono wanga anasuntha nsalu kuti mlendo apeze pokhala. Anafunsa za ana, za shuga, za mvula, kuzungulira ngati galu wofuna pogona. Potsiriza anafika pamene anadzera.

"Achimwene, nthawi ya mayina yakwananso. Tsopano Mayi anena kuti osokera kunyumba aziwerengedwa pamodzi ndi gawo lathu. Ndiye anzanu aja anakhala pansi. Ulendo uno wagwera uja wa makolala, koma mukudziwa, iyeyo analandira kale chenjezo la kuchedwa, moti akalembedwa achotsedwa pomwepo. Ndiye timati, poti inu simungachotsedwenso ntchito..."

"Akalembedwa chichitike n'chiyani?" anafunsa mng'ono wanga.

Kapitawo anayang'ana m'chipewa. "Aa, mayi, palibe chachikulu. Mwina nsalu zingayambe zaima pang'ono. Pang'ono pokha. Ine ndikakwera ndekha kukafotokoza."

"Ngati mmene munakafotokozera muja?" ndinatero ine. "Bambo inu, mwabwera ndi miyendo yanu, mubwerere nayo yomweyo isanakupepukeni."

"Alamu, ndi mlendo," anatero mlamu. Anachotsa phini pakamwa, n'kuibaya pa thalauza limene ankasoka. "Uja wa makolala, mkazi wake wabereka posachedwa, eti?"

"Mwezi wathawu," anayankha kapitawo mwachangu.

Mng'ono wanga anaimirira. Ndi munthu wosakweza mawu, koma tsiku limenelo anansi anamva. "Uja ali ndi khanda. Nanga awa ali m'nyumba munowa ndi nkhuku? Ine ndine chiyani, bambo a ana? Tandiyang'anani kuno."

Anamuyang'anadi, ndipo ndinaona kuti zamukhudza. Ndinati lero lokha munthuyu akana, lero abadwanso. Koma kenako maso ake anabwerera kwa kapitawo, amene anali atakhala m'mphepete mwa mpando nkhope ili yomvetsa chisoni, ndipo mlamu wanga sangathe kuona nkhope yotero n'kuilola ituluke choncho pakhomo pake. Ya mkazi wake anaizolowera.

"Anthu aja ndakhala nawo nthawi yaitali," anatero motsitsa mawu. "Lembani langa."

Kapitawo anathokoza mpaka kugwada, ndipo mlamu anamuperekeza kukafika kumsewu.

Galimoto sinabwerenso. Makina aja tsopano ali pakhonde, ndipo amasoka zigamba za ana a anansi, zikapezeka. Dzulo ndinapeza mng'ono wanga patebulo, atatenga sizasi yaikulu ya mlamu yodulira nsalu, akudula mapiritsi ake pakati kuti afike kumapeto kwa mwezi.