Dzinja Limene Amalume Anakana Ntchito

Ovololo ija inali yabuluu, koma buluu wofwifwa, wa nsalu imene yachapidwa zaka zambiri. Inali ya atate. Anaipachika pa msomali kuseri kwa chitseko tsiku limene kampani yawo inagulitsidwa, iwo n'kuuzidwa kuti akapume kunyumba. Pachifuwa panali dzina la kampaniyo. Amayi analichotsa ndi lezala, ulusi umodziumodzi, kenaka anapinda miyendo ya ovololoyo n'kuisoka kuti iwakwane amalume.

Amalume anali mlongo wawo wamng'ono wa amayi. Poliyo inawagwira ali mwana, miyendo n'kufota, ndipo ankayenda ndi ndodo ziwiri za m'khwapa. Tinkakhala nawo ku komboni ya Mtendere, m'nyumba imene agogo anamanga atabwera kuchokera ku Dedza kudzafuna ntchito. Ine ndinali m'giredi yachinayi. Ndikamapita kusukulu ndinkawasiya pakhonde, pobwera n'kuwapeza pomwepo, atangosuntha pang'ono kuthawa dzuwa. Anthu odutsa ankawapatsa moni mokweza mawu, ngati kuti kufota kwa miyendo kumatsekanso makutu.

Mvula itangoyamba chaka chimenecho, kunyumba kunabwera aphunzitsi ena opuma pantchito, mayi wa kutchalitchi kwathu, amene nawonso ankatsimphina. Iwo ndi anzawo olumala anali atayamba kagulu kopempha eni mabizinesi kuti azilandira munthu wolumala kwa masabata ochepa, aione ntchito, aigwire ndi manja ake, kenaka apite kwina akaonenso. Malipiro panalibe, kupatula ndalama ya basi ndi chakudya chamasana.

"Ni kulawa chabe, ba sisi," anatero kwa amayi. "Akaone vamene banzake bachita."

Atate anaseka osatsegula pakamwa. Anati ngati a miyendo iwiri akuchotsedwa, wa ndodo angapezenji. Lero sindiwaimba mlandu. Munthu amene wangotsekeredwa chipata savomereza msanga kuti kwina kungatseguke.

Dzinja lonselo ndinkadziwa kumene amalume achokera pongomva fungo. Poyamba linali la guluu ndi zikopa, chifukwa anawatumiza kwa wosoka nsapato kumsika. Aliyense ankaona kuti kumeneko ndi kumene kukuwayenera, popeza olumala ambiri amene tinkawadziwa ankasoka nsapato. Masabata aja atatha, aphunzitsi anawafunsa ngati aikonda ntchitoyo. Amalume anati ayi. Aphunzitsi anangogwedeza mutu, n'kunena kuti ayesa kwina.

Kwinako kunali kutauni, m'sitolo yatsopano ya zitseko zagalasi, yodzaza katundu wakunja amene anali atayamba kusefukira m'dziko. Ulendo wake unali wowawa. Msewu wathu unali matope okhaokha, ndodo zinkamira, ndipo makondakitala ena akangoona ndodozo ankamenya chitseko cha basi kuti dalaivala apitirire. Amalume ankafika madzulo atanyowa mpaka m'mawondo, akununkhira polishi wapansi. Ntchito yawo inali kukhala pampando pafupi ndi khomo, kulandira zikwama za ogula n'kuwabwezera potuluka. Mwini sitolo anali munthu waulemu. Alendo akabwera ankawaonetsa amalume, dzanja lili paphewa pawo. Masabata atatha, anawauza kuti akhale, awalemba ntchito.

Amalume anakana.

Amayi anali akukazinga zitumbuwa zokagulitsa pamene anamva nkhaniyi. Ndikukumbukira mafuta akuthetheka, utsi wa makala, ndi mmene anaikira supuni pansi pang'onopang'ono.

"Muli na nzelu imwe? Mu nyumba muno mulibe ogwila nchito ngakhale mmozi."

"Alongo," anayankha amalume motsitsa mawu, "pa khonde pano nankhala zaka zambili. Kuja baniika pa khonde inangu, chabe ili na magalasi."

Amayi anasiya kuwalankhula. Chakudya ankawaikira, zovala ankawachapira, koma mawu ayi. Ine ndinali mbali ya amayi, chifukwa nsapato zanga zakusukulu zinali zitang'ambika kutsogolo ndipo ndinali nditaika kale mtima pa malipiro a amalume. Ngakhale lero sindinganene kuti amayi analakwa. Ufa unkakwera mtengo mwezi ndi mwezi, atate ankabwera madzulo osapeza ganyu, ndipo njala siimva nkhani ya zimene mtima wa munthu ukufuna.

Aphunzitsi sanakwiye. Anawapezera amalume malo ena ku Kalingalinga, komboni yoyandikana ndi yathu, m'shedi yamalata m'mbali mwa msewu, mmene ankapangamo masofa. Fungo linasinthanso, linakhala la utuchi ndi siponji yatsopano. Ntchito yambiri inkagwiridwa pansi, ndipo mikono imene inali itanyamula thupi lawo pa ndodo kuyambira ubwana inkakoka nsalu mpaka kuuma ngati chikopa cha ng'oma. Ankabwera zala zitamangidwa tinsanza, tiulusi tili m'tsitsi, pakamwa posatseka. Ankatifotokozera za masipuling'i, za nsalu imene imanama kuti ndi yolimba, za mnzawo wina amene ankaimba molakwitsa tsiku lonse. Ndinali ndisanadziwe kuti amalume ndi munthu wankhani. Amayi ankamvetsera atatembenuka, ngati sakumva.

Masabata awo atatha, mwini shedi anati azibwerabe ngati wophunzira, azilandira kangachepe sofa ikagulidwa. Sizinkafika pa malipiro a kusitolo kuja ngakhale pang'ono.

Loweruka lina, chimanga chachiwisi chitayamba kupezeka, amayi anamanga chitenje n'kundiuza kuti ndiwaperekeze. Tinayenda pansi mpaka ku Kalingalinga, koma sitinalowe. Tinaima tsidya lina la msewu, kuseri kwa mafelemu a zitseko amene owotcherera anayanika. Amalume anali pansi, timisomali tili pakamwa, akukhoma nsalu yofiirira. Ndodo zawo zinali zitaponyedwa pakona pamodzi ndi matabwa.

Kenaka mwini shedi, bambo wamtali wa ku Kopala, dera la migodi, anabwera n'kuyendetsa chala pamsoko.

"Iwe, ichi ni chani? Msoko wayenda kumbali. Ndani azagula ichi? Masula, uyambe futi."

Analankhula mokalipa, anthu onse akumva. Amalume analavulira timisomali m'dzanja n'kuyankha, nawonso mokweza, kuti nsaluyo ndi imene inadulidwa mokhota. Anakangana kwa kanthawi. Pamapeto pake amalume anatenga chozulira misomali n'kuyamba kumasula, akung'ung'udza, anzawo akuwaseka.

Mtima wanga unatentha. Chibadwire ndinali ndisanamvepo munthu akukalipira amalume. Ndinkayembekeza kuti amayi aoloka msewu akamuyankhe bamboyo. M'malo mwake anandigwira dzanja, tinatembenuka osawapatsa n'komwe moni amalume. Panjira anandigulira chimanga chootcha, iwo akuimba chapansipansi nyimbo ya kutchalitchi, maso ali onyowa.

Madzulo amayi anawatenthetsera amalume madzi osamba. Powaikira beseni anati, "Pa Lolemba mukasoke mowongoka." Amalume anawayang'ana modabwa, kenaka onse awiri anaseka mpaka atate anatuluka kudzaona.

Patapita zaka amalume anatsegula shedi yawoyawo, ndipo achinyamata olumala akhala akupita kumeneko kukalawa ntchito. Ena amakhala, ena amati ayi n'kupita kwina. Koma Loweruka lija ine ndinagona ndili wokwiya, ndikudabwa kuti amayi angakondwere bwanji mlongo wawo atanyozedwa pagulu. Ndinali mwana. Sindikanatha kumvetsa kuti anthu onse amene ankawalankhula amalume mofatsa sankayembekeza kanthu kwa iwo, ndipo bambo wokalipa uja ndiye anali woyamba kuwauza kuti angathe kuchita bwino kuposa pamenepo.